Kufesa Kapinga: Chophimbira Chake ndi Tchire Lomera Mosaitanidwa

Mlimi wa m'dziko muno amatha moyo wake wonse akulimbana ndi udzu. Amaupalira, amaubandira, amautentha, koma chaka chikatembenuka udzuwo umabweranso. N'chifukwa chake ambiri amadabwa akamva kuti pali anthu amene amatulutsa ndalama kugula mbewu ya udzu, nailimira malo, naifesa mosamala, mbewuyo n'kukana kumera. Udzu umene umatuluka wokha pakati pa chimanga popanda wouitana, ukafesedwa mwadala pabwalo la sukulu umachita manyazi. M'malo mwake mumatuluka chisoso, bonongwe ndi dawe, zonse zonenepa bwino ngati kuti ndizo zinagulidwa kusitolo.

Nkhani ya kapinga si ya kukongoletsa pakhomo kokha ayi. Bwalo limene limasesedwa m'mawa uliwonse limatha pang'onopang'ono. Tsache limatenga dothi lapamwamba, mvula imakokolola lotsalalo, ndipo pakapita zaka zingapo maziko a nyumba ndi mizu ya mitengo zimakhala pamtunda. Mphunzitsi aliyense akudziwa fumbi la mwezi wa Okotobala limene limalowa m'kalasi nilikhala pamabuku ndi m'zifuwa za ana. Kapinga amagwira nthaka, amamwetsa madzi a mvula pansi, ndiponso amaletsa fumbi. Pakhomo paling'ono anthu amangozula tizidutswa ta kapinga kwa mnansi n'kuwokera, ndipo njira imeneyi ilibe vuto. Koma pabwalo la mpira, pachipatala, patchalitchi kapena pasukulu, pamene malo ndi aakulu, kufesa njere kumafulumira. Tsono njerezo n'zodula, ndipo zikalephera ndalama za komiti yonse zimapita pamodzi ndi chaka chathunthu.

Kukana kwa mbewuyi kumayambira pa kuchepa kwake. Kapinga wodziwika kuno, amene akatswiri a zomera amamutcha Cynodon dactylon, ndipo pamapaketi amalembedwa kuti Bermuda, ali ndi njere zazing'ono kwambiri, kotero kuti m'kilogalamu imodzi ya njere zochotsedwa makoko mumakhala njere zoposa mamiliyoni 3. Njere iliyonse imanyamula kamba wa paulendo wake wochokera pansi kukafika pamene pali dzuwa. Njere ya chimanga ili ndi kamba wambiri, motero ikakwiriridwa masentimita 5 imatulukabe ndi mphamvu. Kamba wa njere ya kapinga amathera panjira ngati dothi lapamwamba pake laposa mamilimita 6, ndiko kuti kuchepera pang'ono pa kunenepa kwa pensulo. Komanso njerezi zimadzuka bwino zikamaona kuwala pang'ono. Munthu wozolowera kubzala chimanga akagwira khasu kuti akwirire kapinga, amakhala akukumba manda a mbewu yake. Njerezo zimamera ndithu pansipo, koma zimafa zisanaoneke, ndipo mwini wake amadzudzula wogulitsa kuti anamupatsa mbewu yakale.

Kukayikira mbewu kuli ndi mankhwala ake apafupi. Wofesa awerenge njere 50, aziike m'chitini cha mchenga wotsuka bwino, azithirira ndi kuyembekezera masabata awiri kapena atatu. Akatero adzadziwa ngati mbewuyo ili ndi moyo, ndiponso adzaona nkhope ya kapinga wakhanda, kuti pambuyo pake asamusokoneze ndi udzu wina pozulira.

Pofesa, malo akhale osalala, opanda zibuma, ndi otsendereka kotero kuti munthu akapondapo chidindo cha phazi chioneke koma phazilo lisamire. Malo a mamita 10 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi amafuna theka la kilogalamu kufikira kilogalamu imodzi ya njere zochotsedwa makoko. Popeza njere zotere zimathawa m'zala, zisakanizidwe ndi mchenga wouma wochuluka, kenaka zigawidwe pawiri. Gawo loyamba lifesedwe munthu akuyenda chakum'mawa ndi chakumadzulo, lachiwiri akuyenda chakumpoto ndi chakumwera, kuti pasakhale madazi. Akatha akokepo nthambi ya masamba mopepuka, ndipo chomaliza atsendere. Mgolo wothiridwa madzi theka ukagubuduzidwa pamalopo umachita ntchito imeneyi bwino lomwe. Pamalo aang'ono thabwa lopondedwa ndi mapazi likwanira. Kutsendera ndiko kumene anthu ambiri amadumpha, pamene ndiko kumagundanitsa njere ndi dothi lonyowa. Njere yolendewera pakati pa zibuma imauma ngakhale mvula itagwa dzulo lake.

Tsono apa pakubuka vuto. Njere imene ili pamtunda chotere ili ndi adani ambiri. Dzuwa la masana limaumitsa dothi lapamwamba m'maola ochepa, ndipo njere imene yayamba kutulutsa muzu ikauma kamodzi kokha siidzukanso. Mvula yamphamvu ya Disembala imanyamula njere zonse nizikaunjika kumunsi kwa bwalo, kumene kapinga amamera mothithikana pamene kumtunda kuli mbee. Njiwa, mpheta ndi nkhuku za pamudzi zimatola, nyerere nazo zimatuta njere imodziimodzi kupita nazo kuuna. Choncho chophimbira n'chofunika, koma chikhale chotchinga dzuwa ndi madontho a mvula osatsekereza kuwala ndi mpweya.

Omvera a ku Kasungu, Dowa, Mchinji ndi Mzimba, amene amakonza nazale za fodya chaka ndi chaka, nzeru imeneyi ali nayo kale. Njere ya fodya ndi yaing'ono kuposa ya kapinga, ndipo palibe mlimi wa fodya amene amaikwirira ndi khasu. Amaifesa pamtunda, nayala udzu wouma pamwamba, ndipo mbande zikayamba kutuluka amapatulira udzuwo pang'onopang'ono. Bwalo la kapinga wofesa kumene ndi nazale yaikulu basi. Muyeso wa chophimbira ndi wapafupi kuukumbukira: munthu akaimirira n'kuyang'ana pansi, aone dothi pafupifupi theka pakati pa udzu umene wayalawo. Akapanda kuona dothi, ndiye kuti wafolera denga, ndipo pansi pa denga sipamera kanthu.

Funso lalikulu n'lakuti chophimbiracho chachokera kuti, pakuti tchire lambiri limene limavutitsa kapinga watsopano limabwera pamutu pa mwini wake yemwe. Udzu womweta kuthengo m'miyezi ya Meyi ndi Juni umakhala utakhwimitsa njere. Munthu akauyala pabwalo lake lolimidwa bwino, lothiriridwa m'mawa ndi madzulo, amakhala wafesa tsekera ndi anzake pamalo abwino kuposa amene akanawapeza okha. Udzu woyenera ndi umene unamwetedwa usanachite ngala, kapena umene wadulidwa mitu n'kupunthidwa. Udzu wakale wosasula padenga ndi wabwino, chifukwa njere zake zambiri zinayoyoka kalekale. Kumadera a mpunga, monga Karonga, Nkhotakota, Salima ndi kuchigwa cha nyanja ya Chilwa, mapesi a mpunga wopunthidwa bwino amathandiza. Mpunga wochepa umene ungamere umafa wokha ukadulidwa kangapo. Mapesi a chimanga ndi olemera, amaphwanya timbande. Utuchi wauwisi wa kumacheka umalanda chakudya cha m'nthaka pamene ukuwola, motero kapinga womera pamenepo amakhala wachikasu.

Manyowa a m'khola ndiwo amanyenga anthu koposa. Ng'ombe ndi mbuzi zimadya tchire pamodzi ndi njere zake, ndipo njere zambiri, makamaka za bonongwe, zimadutsa m'mimba osavulala. Amene wawaza ndowe zosawolerana pamwamba pa kapinga wake asadabwe akapeza kuti wakhazikitsa dimba la ndiwo. Manyowa amene angaikidwe pamwamba ndi okhawo amene anapsa bwino pamulu, mulu umene unatentha mkati mpaka dzanja kulephera kukhalitsamo, ndipo unatembenuzidwa kuti za m'mbali nazo zilowe pakati. Manyowa otere asefedwe, asakanizidwe ndi mchenga wa kumtsinje, nawazidwe mopyapyala ngati mmene mayi amawazira ufa pamadzi a phala.

Pamalo otsetsereka, monga ambiri a ku Zomba, Thyolo ndi Nkhata Bay, udzu woyala umatengedwa ndi madzi. Kumeneko ziguduli zakale zong'ambula ndi kukhomera ndi tizikhomo zimagwira bwino, chifukwa zimalola madzi ndi mpweya kudutsa, ndipo sizibweretsa njere ya tchire ngakhale imodzi. Koma zichotsedwe msanga kapinga akangoyamba kuoneka, asanalowetse masamba ake m'maso mwa chiguduli, apo ayi adzazuka nacho pamodzi. Pulasitiki asayandikire pamalo ofesa: wakuda amatseka kuwala, woonekera mkati amaphika njere. Ndipo kumene kuli chiswe chambiri chophimbira chizionedwa tsiku ndi tsiku, chifukwa chiswe chikatha udzu wouma chimasiya dothi lake litamatira pamwamba pa njere.

Njere zochotsedwa makoko zimatuluka pakati pa masiku 7 ndi 14 ngati nthaka ili yofunda. Zamakoko zimatha kutenga masabata atatu kapena kuposerapo. M'masiku onsewa dothi lapamwamba lisaume. Kukapanda kugwa mvula, madzi ochepa kawiri kapena katatu patsiku, othirira ndi kheni ya tizibowo ting'onoting'ono, amaposa ndowa zambiri zokhuthula kamodzi. Kapinga ameneyu amafuna nthaka yotentha kuposa madigiri 18, motero kufesa m'nyengo ya chiperoni, makamaka kumapiri a Dedza ndi Ntcheu, n'kudyetsa mbalame chabe. Nthawi yabwino ndi pamene mvula yakhazikika. Timasamba tikayamba kubiriwira, chophimbira chichepetsedwe theka, ndipo chotsalacho chichotsedwe patapita sabata, madzulo kapena tsiku la mitambo.

Komatu ngakhale chophimbira chikhale choyera chotani, tchire lidzamera ndithu, chifukwa nthaka ili ndi nkhokwe yakeyake ya njere. Mu 1879 mphunzitsi wina wa za zomera ku Michigan, m'dziko la America, dzina lake William Beal, anafuna kudziwa kuti njere za tchire zimakhala ndi moyo zaka zingati pansi. Anaika njere za mitundu yosiyanasiyana m'mabotolo 20 a mchenga nawakwirira, kuti anthu azifukula botolo limodzi pakapita nyengo. Patapita zaka 40 njere za mtundu wina wa bonongwe zinamerabe. Botolo limene linafukulidwa mu 2021 linapezeka kuti lili ndi njere zina zamoyo, patapita zaka zoposa 140, mwini wake atamwalira kalekale. Njere zimagona pansi kudikira kuwala, ndipo khasu lililonse limene latembenuza dothi limadzutsa gulu latsopano.

Pachifukwa ichi nkhondo yeniyeni ya tchire imamenyedwa mbewu isanatuluke m'paketi. Malo alimidwe ndi kusalazidwa m'mwezi wa Seputembala kapena Okotobala, kenaka asiyidwe. Mvula ya chizimalupsa ikagwa, kapena mwini wake akathirira, tchire lonse lapamwamba limamera. Likadali ngati tsitsi la khanda, lipalidwe mopepuka, khasu likungometa pamwamba osalowa pansi, chifukwa kulowa pansi n'kutsegulanso nkhokwe ija. Akabwereza kawiri kapena katatu, dothi lapamwamba limatsala ndi njere zochepa, ndipo kapinga akafesedwa amapeza bwalo lopanda opikisana naye. Masabata atatu kapena anayi amene amaoneka ngati otayika pamenepa amabweza miyezi yambiri ya kuzulira. Anthu ambiri safuna kudikira, makamaka ngati alendo akuyembekezeka kudzaona sukulu, koma kapinga sadziwa za alendo.

Pali tchire lina limene silidalira njere zokha, ndipo limeneli ndilo loopsa. Dawe amadziwika ndi tsinde lake la ngodya zitatu ndi masamba onyezimira. Pansi ali ndi timbatata tolumikizana ngati mikanda, ndipo munthu akazula chapamwamba, kapena akadula mkandawo ndi khasu, timbatata togona timadzuka. Pamene panali mmodzi pamatuluka asanu. Chimene dawe amaopa ndi dzuwa la m'chilimwe: timbatata tikafukulidwa n'kusiyidwa pamtunda nthaka ili gwaa, timauma n'kufa. Namsongole naye ali ndi mizu yoyera yosongoka imene imayenda pansi, ndipo kachidutswa kalikonse kotsala ndi mbewu. Khovani akazulidwa n'kutayidwa pomwepo amagwiranso pamfundo iliyonse mvula ikangogwa, ndiponso amabereka njere zina pansi pa nthaka. Ayenera kunyamulidwa ndi kukaumitsidwa pathanthwe kapena pamsewu. Atatuwa akasiyidwa mpaka kapinga atafesedwa, kuwachotsa kumafuna kukumba bwalo lomwe.

Nanga amene wafesa kale, ndipo lero akuona chisoso, bonongwe ndi mwamunaaligone zitaphimba bwalo lonse, atani? Choyamba asataye mtima, chachiwiri asalowemo ndi khasu. M'masabata oyamba mizu ya kapinga imakhala yosaposa chala, ndipo kuzula chitsamba chimodzi cha bonongwe kumanyamula timbande tambiri. Chida chake ndi chikwakwa. Chinsinsi chili pa kamangidwe ka zomerazi. Chisoso ndi bonongwe zimakulira kunsonga, choncho zikadulidwa mutu mobwerezabwereza zimafooka n'kufa zisanabereke. Udzu umakulira kutsinde, pafupi ndi dothi, pamene mpeni sufika. Ukadulidwa umaphuka m'mbali n'kuyanga. Ndi chifukwa chomwecho ng'ombe zimadya msipu chaka chonse koma msipuwo osatha. Makina otchetchera kapinga, amene Edwin Budding anapanga ku England mu 1830, sanabweretse nzeru yatsopano. Anangolowa m'malo mwa nkhosa ndi zikwakwa zimene zinkagwira ntchitoyo kale.

Kudula koyamba kuchitike kapinga akafika masentimita 5 kapena 7, dothi lili louma pamwamba, ndipo chida chikhale chakuthwa, pakuti chobuntha chimazula m'malo modula. Pasachotsedwe zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wa kapingayo nthawi imodzi. Tchire limene latalika kuposa kapinga lingathe kudulidwa mitu ngakhale tsikulo lisanafike, kuti lisamuchitire mthunzi. Pambuyo pa kudula katatu kapena kanayi, zitsamba zouma mutu zimene zatsala zizulidwe ndi manja dothi lili lonyowa, phazi limodzi litaponda pambali kuti kapinga asanyamuke. Ana a sukulu amaigwira bwino ntchito imeneyi akafola mzere, ndipo amayi sadzakana bonongwe ndi chisoso zimene zatuluka pamenepo, malinga ngati pamalopo sipanapoperedwe mankhwala.

Za mankhwala zikufunika mawu osapita m'mbali, popeza masiku ano amapezeka pamsika uliwonse. Glyphosate, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Roundup ndipo anayamba kugulitsidwa mu 1974, sasankha: amapha chilichonse chobiriwira. Malo ake ndi mbewu isanafesedwe, pa namsongole ndi dawe amene akukula mwamphamvu, ndipo ngakhale pamenepo dawe amafuna kubwerezedwa. Mankhwala amene alimi amapopera m'munda wa chimanga udzu usanamere, monga Harness, ntchito yake ndi kupha njere za udzu pamene zikumera, ndipo sadziwa kuti njere ina inagulidwa ndi ndalama. Pabwalo lofesa kapinga ndi oletsedwa kotheratu. Alipo 2,4-D, amene akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira zaka za m'ma 1940. Iyeyu amapha zomera za masamba otambalala nasiya udzu. Komabe kapinga wakhanda amapsa naye, motero asapoperedwe mpaka kapingayo atadulidwa katatu kapena kanayi. Ndipo choopsa chake chachikulu chili kuseri kwa mpanda. Thonje, fodya ndi tomato zimapiringizika masamba ndi kamphepo chabe konyamula 2,4-D, kotero kuti munthu wa ku Balaka kapena Chikwawa wopopera bwalo tsiku la mphepo angathe kuwononga thonje la mnansi wake, n'kukathera kubwalo la amfumu. Chopopera chimene chalawa mankhwalawa chisalowenso m'dimba. Wogula aliyense aonetsetse kuti botolo lili ndi chizindikiro chosonyeza kuti ndi lovomerezeka ndi Pesticides Control Board, ndipo afunse mlangizi asanasungunule. Pabwalo limene ana amaseweretsa mapazi opanda nsapato, chikwakwa ndi manja ndizo zoyenera kutsogola.

Feteleza naye ali ndi nthawi yake. Wokulitsa uja wa chimanga, wochepa, angasakanizidwe ndi dothi asanafese kuti athandize mizu. Koma Urea kapena CAN wothira m'masabata oyamba amanenepetsa tchire, pakuti ndilo lili ndi mizu yofulumira kulanda. Adikire kudula koyamba, athire pang'ono, ndipo athirire madzi nthawi yomweyo kuti masamba asapse. Madazi amene atsala asafesedwenso njere. Kapinga akayamba kuyanga, zingwe zake zidulidwe m'mbali n'kuwokeredwa pamadazipo. Pansi pa mitengo ya mango, pamene mthunzi ndi wandiweyani, Bermuda sakula ngakhale atapembedzedwa chotani. Pamenepo pamafunika udzu wokonda mthunzi, monga umene umatchedwa LM, dzina lochokera ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo. Umenewo kawirikawiri umabzalidwa ndi zidutswa.

Kapinga akagwira n'kuthithikana, dawe yemwe amayamba kuchepa mphamvu, chifukwa sapirira mthunzi. Koma pamenepo mwini bwalo amapeza ntchito ina. Mu 1977 akatswiri anayi, motsogozedwa ndi LeRoy Holm, anasindikiza buku lotchedwa The World's Worst Weeds, mmene anandandalika tchire lovutitsa alimi koposa padziko lonse. Woyamba pamndandandawo anali mtundu wa dawe wotchedwa Cyperus rotundus. Wachiwiri anali Cynodon dactylon, kapinga yemweyu amene wapembedzedwa ndi mchenga, ziguduli ndi kheni kwa miyezi iwiri. Akakhwima amayenda pamtunda ndi zingwe, pansi ndi mizu yoyanga, ndipo akalowa m'dimba la masamba kapena m'munda wa chimanga wa sukulu satulukamo msanga. Choncho m'malire monse mwa bwalo mukumbidwe kangalande kakuya ngati mpeni wa khasu, ndipo kamodzi pamwezi m'nyengo ya dzinja munthu ayendemo kudula zingwe zimene zayamba kuwoloka. Zingwe zodulidwazo zisatayidwe pamulu wa manyowa.